Fainala ndi Mibulu Yogawana

Mayi Fainala a ku Lisasadzi sankaopa kufa. Chimene ankaopa chinali mphasa. Amuna awo, a Yobu, anagona pamphasa zaka zingapo asanamwalire, mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapotoka, ndipo wowatembenuza, wowasambitsa ndi wowapukuta dovu anali mayi Fainala omwewo. Ankadziwa mmene munthu amalemerera akakhala kuti sangadzinyamule. Ankadziwanso kuti tsiku limene iwo adzagwe chotero, m'nyumbamo simudzapezeka wowatembenuza.

Anabadwira m'mudzi womwewo, anakulira momwemo, ndipo ulendo wawo wautali koposa unali wa ku Mzimba, kokaperekeza mwana wawo Olive kubanja. Sukulu anailekeza atangodziwa kuwerenga nyimbo za kutchalitchi. A Yobu anabwera chikamwini kuchokera kwa Kaomba, atanyamula khasu, wailesi ndi nzeru za fodya. Kuyambira pamenepo chaka cha mayi Fainala chinkayendera fodya wa bale: kuthirira nazale dzuwa likuswa mtengo, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola masamba mame asanaume, kusoka mpaka zala kuda bii. Ana anabereka ambiri ndithu, koma amene anakula ndi awiri: Olive uja, ndi mlongo wake amene anapita ku Joni n'kusiya kumveka.

A Yobu anagwera m'chigafa. Anali atakwera kukapachika fodya, mayi Fainala ali pansi akuwapatsira, ndipo anangoona dzanja la amuna awo likulephera kugwira masamba, kenako munthu yense n'kutsetsereka pang'onopang'ono ngati thumba losamangidwa bwino. Kuchokera tsiku limenelo sanalankhulenso mawu omveka. Abale ankabwera kudzazonda miyezi yoyambirira, kenako anazolowera. Atamwalira, mayi Fainala anasiya fodya, poti munthu mmodzi sangamuthe. Anatsala ndi munda wa chimanga, mtedza pang'ono, mbuzi, nkhuku, ndi yunifolomu ya Mvano imene ankaisita ndi simbi ya makala Lachitatu lililonse. Olive anawapemphapo kuti asamukire ku Mzimba. Anakana. Mkazi wokwatiwa kwa eni sangabweretse amayi ake kuti apongozi aziwadyetsa, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo ngakhale pamene ankakambirana.

Mutu unayamba kuwavuta zaka zija makuponi a feteleza atangoyamba. Unkagwira pankhongo, m'makutu mukulira ngati nyenje. Ku chipatala cha boma anawamanga lamba pamkono, nawauza kuti ndi bipi, magazi akuthamanga kwambiri, matenda omwe aja anagwetsa a Yobu. Anawapatsa mankhwala a mwezi umodzi. Atapitanso, atayenda m'mawa wonse, anapeza atatha. Ulendo wina chimodzimodzi. Ndi mmene anayambira kupita kwa a Kalekeni.

A Kalekeni anagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za boma, ndipo atapuma anatsegula kachipatala kawo pamsika, kuseri kwa chigayo. Aliyense ankawatcha adokotala. Ankaona banja lonse, kuyambira khanda la chifuwa mpaka nkhalamba ya nyamakazi, ndipo ankadziwa amene anabereka yani ndi amene anamwalira ndi chiyani. Anali munthu wamtali, wowerama msana, wa maso ooneka ngati sanagone. Mashelefu awo ankatsata fodya monga ankachitira wina aliyense kuno. Msika wa fodya ukatsegulidwa, ankadzaza ndi mabotolo a mankhwala amadzi, owonjezera magazi ndi majakisoni, chifukwa munthu amene wangolandira za fodya sakhulupirira kuti wachizidwa ngati sanabayidwe. Mvula ikafika, nkhokwe zitapepuka, cholembera chawo chinkafupika. Ankalemba m'bulu wotsika mtengo koposa, ndipo ngakhale umenewo anthu ankapempha kuti awapatse a masiku ochepa, otsalawo adzatenga akagulitsa nkhuku. Ambiri sankabweranso.

"Ine sindilemba za matenda," ankatero akatopa. "Ndimalemba za m'thumba."

Kwa mayi Fainala analemba kam'bulu kamodzi koyera, kakang'ono ngati njere ya mphodza, kamene kamakodzetsa m'mawa.

"Kamodzi tsiku lililonse, amake Olive, mpaka kalekale. Awa si a malungo oti mukapeza bwino mwasiya. Mukasiya, mukudziwa chimene chimachitika. Munaona nokha."

"Ndinaona, adokotala."

Nkhuku imodzi inkakwanira miyezi ingapo. Mutu unaleka, nyenje zinatonthola, ndipo mwezi uliwonse lamba ankanena zabwino. M'bulu wa tsikulo ankaumanga pamsonga ya chitenje n'kukamwera kumjigo, chifukwa madzi oyamba a m'mawa amatsika bwino pakhosi.

Patsidya pa dambo panali esiteti ya fodya, ndipo chaka chilichonse nyengo ya nazale lole inkatsitsa matenanti, mabanja ochokera kutali, obwera ndi mapoto ndi ana, odzalima fodya wa mwini esiteti n'kudzalandira zawo fodyayo akagulitsidwa. Pakati pa chaka sagwira ndalama. Chimanga, mchere, ngakhale sopo amatenga kwa kapitawo, ndipo zonse zimadzadulidwa kumapeto. Chitsime cha ku esiteti chikauma, akazi a matenantiwo ankabwera kumjigo wa m'mudzi mbandakucha, eni mudzi asanadzuke, kuti asamve zoti obwera akutha madzi. Mayi Fainala okha ndi amene ankakumana nawo, poti tulo tinawathawa kalekale.

Mmodzi wa iwo anali Patuma wa ku Mangochi, mkazi wamfupi, wa pakamwa posachedwa kuyankha. M'mawa wina wa nyengo yotentha anafika atamanga mutu ndi kansalu, mfundo ataikoka mpaka zikope kukwera. Anapopa pang'ono, n'kusiya, n'kukhala pasimenti atagwira pankhongo.

"Che Patuma, mutu mwaumanga ngati belo la ku okushoni."

"Likanakhala belo, amayi, bwenzi abwana atalitenga kale. Uwu palibe akuufuna."

"Ukugwira pati?"

"Apa. Ndipo m'makutumu muli msonkhano."

Mayi Fainala anasiya kuseka. Anafunsa bwinobwino, ndipo Patuma anafotokoza kuti kwawo, ali ndi pakati pa mwana womaliza, anamuyeza n'kumuuza kuti ndi bipi. Anamwa mankhwala mpaka mwana atabadwa, basi.

"Nanga osapita kwa a Kalekeni?"

"Ndipite ndi chiyani? Kapitawo amalola, inde, koma adzadula pafodya. Bambo akunyumba akuti theka la fodyayo tadya kale asanamere. Akuti munthu safa ndi mutu."

Mfundo ya pachitenje mayi Fainala anali ataimasula kale, kam'bulu kali m'dzanja, madzi ali m'kapu. Anakayang'ana. Kuchokera ali mwana sanaikepo kanthu pakamwa mnzawo akuona, chikhale chimanga chokazinga kapena kachidutswa ka nzimbe. Ndipo zaka zimenezo kugawana kunali ponseponse. Makuponi ankabwera ochepa kuposa mayina, choncho thumba limodzi la feteleza linkagawidwa mabanja awiri, kuyeza ndi ndowa pabwalo, aliyense akuyang'anitsitsa kuti ndowa ya mnzake isasefukire. Chimanga cha theka la thumba sichinkafanana ndi cha thumba lathunthu, koma chinkabereka ndithu, anthu n'kudya. Mayi Fainala anaona kuti n'chimodzimodzi. Anaika kam'buluko pachikhatho, nakadinikiza ndi chikhadabo pamzere wake, ndipo kanagawika bwinobwino ngati kanapangidwira zomwezo.

"Imwani."

"Mankhwala a amayi a Mvano agwira Msilamu?"

"Mulibe nkhumba. Imwani, ndipope madzi ine."

Kuyambira tsiku limenelo zinakhala choncho. Paketi ya mwezi inkatha pamwezi monga kale, poti m'bulu unali umodzi patsiku ndithu. Pakamwa ndi pamene panali pawiri. Akatha kumwa ankakhala pang'ono kudikira kuti kuyere. Patuma ankanena za kwawo, za mpunga ndi mango, za mwana wake wamkulu amene anamusiya ndi azakhali ake. Mayi Fainala ankamvetsera. Zaka zonse za matenda a a Yobu ndi za umasiye, palibe amene anawaseketsa dzuwa lisanatuluke.

Mwezi wotsatira a Kalekeni anapopa lamba, namvetsera, natulutsa mpweya, n'kupopanso.

"Yakwera. Mukumwa mankhwala?"

"Ndikumwa, adokotala."

"Tsiku lililonse?"

"Sindinadumphepo."

"Mchere?"

"Wongolawitsa."

"Mukuganiza chiyani mukagona? Mwana wa ku Joni uja?"

"Ameneyo ndinamusiya m'manja mwa Mulungu."

Sananame. Za Patuma sanafunsidwe, ndipo ku Mvano anaphunzitsidwa kuti chimene wathandiza nacho mnzako suchilengeza. A Kalekeni anagwedeza mutu. Anali atazionapo kambirimbiri: kam'bulu kamagwira chaka, zaka ziwiri, kenako matenda amakakulira. Anawonjezera wina, wofiirira, wa m'mawa ndi madzulo, wokwera mtengo kuposa woyambayo. Umenewo sunavute kugawa. Wa m'mawa ankamwa mayi Fainala, wa madzulo Patuma ankapita nawo ataumanga pansalu yake.

Ulendo wotsatira bipi inatsika pang'ono, koma osati pamene a Kalekeni ankafuna. Anapukuta nkhope ndi dzanja, natsamira tebulo.

"Amake Olive, ndikuuzeni zoona. Amuna anu ndinawaona mochedwa. Inu ndakuonani nthawi ilipo, ndipo sindikufuna ndidzakuoneni mmene ndinawaonera iwo. Alipo mankhwala ena. Sindiwasunga ambiri, chifukwa kuno amawakwanitsa ndi aphunzitsi aakulu ndi eni maesiteti. Ndimaitanitsa ku Lilongwe. Ndi amphamvu. Koma mtengo wake ndi umenewu."

Anautchula. Mayi Fainala anayang'ana pansi. Nkhuku zonse za pakhomo pawo sizikanafika nawo patali.

"Ndikapanda kumwa?"

"Mwina palibe chichitike chaka chino. Mwina mawa. Sindine mneneri."

Panjira yobwerera anaima pamthunzi, naganiza zobwerera kukawauza a Kalekeni za Patuma. Koma ankadziwa chimene akanayankha: siyani. Ndipo akanatero, pakanatsala ziwiri, kumvera kapena kunama, ndipo zonse ziwiri sakanazitha. Anadziuza kuti theka limagwira ndithu, matenda ndi amene akukula, monga ananenera adokotala. Anapitiriza ulendo.

Chaka chimenecho dzina lawo linatuluka palokha pamakuponi. Kwa nthawi yoyamba analandira makuponi awiri osagawana ndi munthu, a feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, poti anawaganizira kuti ndi amasiye. Amayi anzawo anawayamikira ngati abereka mwana. Makuponiwo anawasunga masiku angapo, akuwatulutsa kuwayang'ana, akupemphera kuti njira ina ioneke. Sinaoneke. Anapita nawo kumsika, kumene mavenda ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi depoti, akuyang'ana okalamba odutsa ngati mbuzi zamalonda. Mmodzi wa iwo anawalandira osayang'ana nkhope.

"Mwachita bwino, agogo. Pamzere paja mukanakomoka."

"Sindine agogo ako. Ndipatse ndizipita."

Kuchokera pamenepo anawoloka msewu n'kulowa kwa a Kalekeni.

Mibulu yatsopanoyo inali m'kapepala konyezimira, uliwonse pamalo pake, ndipo inali yolimba moti chikhadabo sichinkalowa. Patuma anaitembenuza m'dzanja.

"Awa ndiye a mabwana, amayi. Aliyense chipinda chake. Mwagula ndi chiyani?"

"Musafunse za eni. Awa sasweka, ndiye lero inu, mawa ine."

Ndipo mankhwala anagwira. Theka la mitundu itatu linakwanira aliyense. A Kalekeni atapopa lamba anamwetulira, chinthu chimene chinali chosowa pankhope pawo.

"Tawapeza anu, amake Olive. Tisawasinthenso."

Patuma anasiya kumanga mutu. Ankathyola fodya m'mame ndi amuna ake, kusoka mpaka dzuwa kulowa, n'kubwera kumjigo manja ali bii, akudandaula za msana m'malo mwa mutu. Munda wa mayi Fainala ndi umene unalipira. Chimanga chinamera bwino, n'kuima m'mawondo, masamba achikasu ngati fodya wouma. Anathira manyowa a m'khola, koma mbuzi za m'kholamo zinkachepa mwezi ndi mwezi. Olive ankatumiza kangachepe mobisa apongozi ake.

Kamodzi kokha mayi Fainala anayesa kuleka kugawana. Unali m'mawa wotsatira tsiku limene anagulitsa mbuzi yaikazi imene ankaidalira. Anakhala m'nyumba dala mpaka dzuwa litatuluka, mibulu ili m'dzanja, osamwa, osatuluka. Atafika kumjigo anapeza Patuma alipo, ndowa yodzaza kale, akutsuka mapazi amene anali oyera kale. Patuma sanapemphe. Anayamba kunena za mvula, za kapitawo amene anagwa panjinga pamaso pa matenanti onse n'kunamizira galu. Mayi Fainala anamasula mfundo.

Pokolola, chimanga sichinafike ndi pakati pomwe pa nkhokwe.

Fodya atagulitsidwa, lole inabweranso. Patuma anabwera kudzatsanzika masana, koyamba kufika pakhomo pa mayi Fainala, atavala nsalu yatsopano, chinthu chokha chooneka chimene chaka chonsecho chinamubalira.

"Tikupita, amayi. Bambo akuti kuno ayi. Chaka chamawa akayesa kwina, kapena tikhala kwathu komweko."

"Nanga mutu?"

"Mutu ndikupita nawo. Ndiusiyira yani?"

Anaseka onse awiri, kenako kuseka kunatha. Mayi Fainala analowa m'nyumba, natenga theka la mibulu imene inatsala mwezi umenewo, naimanga m'kapepala ka shuga. Patuma anagwada polandira, chimene sanachitepo kumjigo.

Mwezi utatha mayi Fainala anapita kukagula ina. Inali nyengo ya ndalama, ndipo pabenchi pa a Kalekeni panalibe pokhala. M'kati munali a Esau, mlimi wa fodya wa m'mudzi woyandikana nawo, amene njinga yawo yatsopano inali pakhonde mapepala asanachotsedwe. Mawu awo ankamveka mpaka kunja.

"Adokotala, ndabwera ndi ndalama zanga, ndiye mundipatse panado ngati mwana?"

"Ndi chimfine, a Esau. Chitha chokha."

"Bayani! Chaka chatha munandibaya, ndinadzuka ngati mnyamata."

"Chaka chatha munadzuka chifukwa akazi anu anabisa kachasu. Chabwino, masulani lamba."

Itafika nthawi ya mayi Fainala, a Kalekeni anayeza mofulumira, napeza zonse zili bwino, nalemba zomwe zija. Ndipo kwa nthawi yoyamba mayi Fainala anayamba kumwa monga zinalembedwera: woyera wathunthu, wofiirira m'mawa ndi madzulo, wa m'kapepala konyezimira tsiku lililonse.

Sipanapite nthawi. Akadzuka pamene akhala, dziko linkada, nyumba n'kupendekeka. Miyendo inkalemera ngati akuyenda m'matope. Ndowa imene ankasenza osaiganizira anayamba kuitula panjira. Sanakayike: chimene ankachiopa chafika. Ndiye anawonjezera kusamala, osaphonya m'bulu, osachedwetsa nthawi. Anachapa zofunda zonse, nazira m'nyumba, nasoka zong'ambika, kuti amene adzabwere kudzawasamala asadzaone za manyazi. Olive sanamuuze.

Anagwa Lachinayi, ku Mvano. Anali atagwada nthawi yaitali, poti wopemphera tsiku limenelo anali mayi Lusiya, amene satsiriza asanatchule odwala onse a m'midzi yozungulira. Atati ame, amayi anaimirira kuti ayimbe. Mayi Fainala anaimirira nawo. Anamva mzere woyamba uli kutali, ngati ukuchokera patsidya pa dambo, basi.

Anatsitsimuka ali pangolo, mutu uli pamiyendo ya mayi Lusiya, ng'ombe zikuthamangitsidwa. Sanafunse kumene akupita. Anayamba ndi dzanja lamanja: chala chachikulu, chinzake, chinzake. Kenako lamanzere. Anagwedeza zala za kumapazi m'kati mwa nsapato. Anayendetsa lilime m'kamwa, natchula dzina lawo chamumtima, kenako mokweza, kuti amve ngati lituluke lowongoka.

"Fainala."

"Inde, ndinu nomwe," anatero mayi Lusiya akulira. "Khalani chete."

A Kalekeni anapopa lamba akuyembekeza kuona chimene anaona kwa a Yobu. Anapopanso. Anasintha mkono. Kenako anawaika diripi, nakweza miyendo yawo pamapilo.

"Bipi sinakwere," anauza amayi a Mvano amene anadzaza pakhomo. "Yatsika. Yatsikitsitsa. Tulukani apume."

Botolo litafika pakati, anakoka mpando.

"Amake Olive, mwasokoneza mankhwala? Mwamwa kawiri?"

"Ayi, adokotala. Ndikumwa monga munalembera. Athunthu."

"Athunthu. Nanga kale munkamwa otani?"

Mayi Fainala anayang'ana madontho akutsika m'kachubu. Anali atatopa kwambiri moti sakanatha kufunafuna njira yozungulira. Anafotokoza zonse, za mjigo, za chikhadabo, za lero inu mawa ine. A Kalekeni sanakalipe. Anavula magalasi, nawaika pabondo, chigayo chikulira kuseri kwa khoma.

"Kuyambira liti?"

"Nyengo ya nazale."

"Ndiye kuti woyera uja sanaleke kugwira."

"Kaya, adokotala. Ine ndimati ndi ngati thumba la kuponi. Theka limabereketsa ndithu."

"Limabereketsa, mayi. Koma wothira feteleza amadziwa kuti wathira theka. Ine sindinadziwe. Ndinkaona ngati matenda akukula, ndiye ndinkawonjezera. Ndikawonjezera, inu mukagawa. Mnzanuyo atachoka, mwameza nokha mankhwala a anthu awiri." Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Chaka chonse ndakhala ndikuchiza mayi amene sindinamuonepo nkhope. Ali bwanji wodwala wangayo?"

"Anapeza bwino. Anasiya kumanga mutu."

"Ndiye ndine dokotala wabwino kuposa mmene ndimadziwira. A ku Lilongwe aja munkagula ndi chiyani?"

"Makuponi. Kenako mbuzi."

A Kalekeni anatseka maso.

"Ndimafunsa za mchere. Ndimafunsa za tulo. Sindinafunsepo munthu ngati akumwa yekha."

Mayi Fainala anadikira mpaka atawatsegula.

"Nanga Patuma, adokotala? Mibulu imene ndinamupatsa yatha tsopano."

"Ikatha, bipi ikweranso."

"Msanga?"

"Mwina msanga. Thupi linazolowera. Kwawo n'kuti?"

"Ku Mangochi."

"Mangochi ndi boma lonse, mayi."

Dzina la mudzi wa Patuma mayi Fainala analimva kamodzi kokha, kumjigo, m'phokoso la chitsulo chopopera, ndipo silinakhale m'mutu.

Anagona m'kachipatalamo mpaka miyendo itabwerera mphamvu. Powatulutsa, a Kalekeni anatumiza kuti mankhwala onse otsala kunyumba abwere. A m'kapepala konyezimira anawabweza pashelefu, akuti alipo mphunzitsi amene amamwa, ndipo m'malo mwake anawathirira toyera tija tokwanira mpaka mvula itatha.

"Kamodzi, kathunthu, pakamwa pamodzi. Mukaona wina wagwira pankhongo, bwerani naye kuno. Kuyeza sindilipiritsa. Mankhwala okha ndi amene nanenso ndimagula."

"Nanga akapanda kukwanitsa?"

"Ndiye tidzakhala pansi atatu, tidzayang'anane."

Atapeza bwino anawoloka dambo kukaona kapitawo. Anamupeza akuyang'anira anthu okonza mabedi a nazale.

"Patuma uti, mayi? Chaka chilichonse kuno kumabwera a Patuma. Ife timadziwa amuna, akazi sitiwalemba. Mwamuna wake ndani?"

Dzina lake mayi Fainala sankalidziwa. Chaka chonse Patuma ankangoti bambo akunyumba, monga amachitira mkazi waulemu, ndipo iwo sanaone chifukwa chofunsira. Kapitawo anadikira pang'ono, kenako anabwerera kwa anthu ake.

Lole inatsitsa mabanja ena. Chaka chimenecho dzina la mayi Fainala silinatuluke pamakuponi, ndipo anagawana ndowa ndi mnansi wawo monga kale.

Mpaka lero amayenda ndi miyendo yawo. Amalima okha, amasenza okha, ndipo lamba wa a Kalekeni sanenanso zoipa. M'bulu amamwera m'nyumba, ndi madzi ogona mumtsuko, chitseko chisanatsegulidwe. Kumjigo amapita dzuwa litakwera, akazi a matenanti atatunga kale n'kubwerera patsidya. Amangopeza mapazi awo pamatope.